Momwe mungayambire kuyendetsa bwato la thanga m'magombe a nyanja ya Malawi

Amene anafikapo ku Likoma anawaona mabwato a matanga akuwoloka kupita ku Chizumulu kapena ku Cobue, m'dziko la Mozambique, atadzaza anthu, matumba a ufa ndi nkhuni, popanda dontho la petulo. Luso loyenda ndi mphepo ndi lathu kuyambira kale. Chodandaulitsa n'chakuti ukafika ku Cape Maclear kapena ku Senga Bay n'kuona timabwato ta matanga owala tili pamchenga, ambirife timangoti ndi za alendo. Timajambulitsapo chithunzi, basi. Komatu munthu amene amatha kusambira ndipo ali ndi khutu lomvera malangizo angathe kuyendetsa kabwato kotere m'masiku awiri kapena atatu. Chimene chimatenga zaka ndi kudziwa mphepo, ndipo n'chifukwa chake tiyambira pamenepo.

1. Dziwani mphepo musanakhudze chingwe

Nyanja yathu ndi yaitali pafupifupi makilomita 580, ndipo kumpoto kwake imazama mamita pafupifupi 700. Pamadzi otambalala chonchi mphepo imapeza mpata wokuza mafunde. Asodzi amazitchula mayina mphepozi. Mwera umachokera kumwera chakum'mawa, umawomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo ukayamba umatha kukhala masiku angapo osaleka. Mpoto umachokera kumpoto, umamveka kwambiri mvula ikamayandikira ndiponso m'dzinja. Vuma ndi ya kum'mawa, ya nyengo yotentha. Mwera sugwirana chanza ndi munthu: m'chaka cha 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo komanso yatsopano, inamira pa namondwe kumpoto kwa nyanjayi ndipo anthu 145 anafa. Nthambi yoona za nyengo ikalengeza pawailesi chenjezo la mwera, tsiku limenelo ndi lokhala pamtunda.

Woyamba kumene amafunika kamphepo kayaziyazi, kothamanga makilomita 10 mpaka 15 pa ola. Simufunika makina kuti mudziwe. Imani pagombe muyang'ane patali. Madzi akangochita makwinya, ndi bwino. Mukaona mafunde akusweka n'kumatulutsa thovu loyera apo ndi apo, mphepo yadutsa makilomita 20 pa ola, ndipo imeneyo ndi ya anthu ozolowera. Funsaninso msodzi amene akusoka ukonde pafupi: "Bambo, lero nyanja ikhala bwanji masana?" Yankho lake lilemekezeni.

Chinthu chimodzi chimapusitsa anthu ambiri. Gombe la Chembe, ku Cape Maclear, layang'ana kumpoto chakumadzulo, kumbuyo kwake kuli mapiri, ndiye mwera ukamawomba madzi a m'mphepete amaoneka bata ndithu. Koma mphepoyo ikuchokera kumtunda kupita pakati pa nyanja. Mumanyamuka mosavuta, mukusangalala, kenaka potembenuka mupeza kuti kubwerera kwasanduka ntchito, mphepo ikukukankhirani kutali. Ku Senga Bay zimasiyana: gombe layang'ana kum'mawa, mafunde a mwera amadzasweka pamchenga, kunyamuka n'kovuta, koma zikavuta mphepo imakubwezerani kumtunda. Madzi abata sakutanthauza kuti palibe ngozi. Dzifunseni nthawi zonse kuti thanga likang'ambika, mphepo inditengera kuti?

2. Sankhani malo ndi bwato

Yambani pamalo pomwe nyanja yapinda kulowa kumtunda, potetezedwa ndi phiri kapena chilumba, pamchenga osati pamiyala. Pewani matsiriro a mitsinje ndi m'mabango, chifukwa ndi kwawo kwa ng'ona ndi mvuu. Padoko la Monkey Bay ndi la Nkhata Bay pamakocheza sitima zikuluzikulu monga Ilala, choncho khalani kutali ndi njira yawo. Sitima yotere siingaime kapena kukhota mwadzidzidzi chifukwa cha inu.

Malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja amabwereketsa timabwato ta thanga limodzi kapena ta mimba ziwiri totchedwa katamarani. Pophunzira ine ndimakonda kabwato ka mimba imodzi, chifukwa kamakuuzani msanga mukalakwitsa. Katamarani sagwedera kwambiri ndipo amathamanga, koma amavuta kutembenuza, ndipo akagubuduzika kumudzutsa kumafuna mphamvu. Masiku oyamba musapite nokha. Lipirani wina wodziwa akwere nanu, ndipo pagombe pakhale boti la injini loti n'kukutsatirani.

3. Onani zida chimodzichimodzi

Jekete yoyandamitsa ivalidwe ndi kumangidwa bwino musanalowe m'madzi, ngakhale mukhale katswiri wosambira, pakuti mtanda wa thanga, mtengo wopingasa womwe umagwira thanga m'munsi, ukakumenyani m'mutu luso losambira silithandiza. Tengani nkhafi imodzi, chigubu chodula chokapira madzi chomangirira kubwato, wezulo, madzi akumwa, chipewa, ndi foni m'kathumba kosalowa madzi. Yang'anani zingwe zomwe zagwira mlongoti ngati zili zolimba, chiwongolero ngati chalowa bwino m'malo mwake, ndiponso kachotsekera ka bowo lotulutsira madzi kumbuyo. Anthu ambiri amaiwala kameneka. Pomaliza uzani munthu wa pamtunda komwe mukulowera ndi nthawi yomwe mubwerere.

Ng'ambani kansalu kopyapyala kachitenje chakale, mumange pachingwe cha mlongoti pomwe maso anu angakaone. Kansalu kameneko kadzakuuzani komwe mphepo ikuchokera ulendo wonse.

4. Kunyamuka ndi kuwongolera

Kwezani thanga mphuno ya bwato italoza komwe mphepo ikuchokera, chingwe cha thanga chili chomasuka. Thanga lidzakupiza ngati zovala pachingwe, ndipo likamatero ndiye kuti lilibe mphamvu. Kankhirani bwato m'madzi ofika m'chiuno, kwerani, tsitsani chiwongolero ndi thabwa lolowa m'madzi lomwe lili pakati pa bwato. Thabwali ndi limene limaletsa bwato kutsetsereka cham'mbali ngati nkhanu.

Khalani mbali yomwe mphepo ikuchokera, thanga lili kutsogolo kwa nkhope yanu. Dzanja limodzi ligwire mpini wa chiwongolero, lina chingwe cha thanga. Mpiniwo umagwira ntchito mobwerera: mukaukankhira kumanja, mphuno ya bwato imapita kumanzere. Mutu umakana zimenezi kwa theka la ola, kenaka dzanja limazolowera lokha.

Yambani ndi mphepo ikuwomba cham'mbali, pakuti ndiko kuyenda kophweka koposa. Kokani chingwe pang'onopang'ono mpaka thanga lisiye kukupiza. Pamenepo mudzamva bwato likupendekeka pang'ono, madzi ayamba kulira chuuu pansi pa mphuno, chingwe chikukoka m'manja ngati mbuzi yofuna msipu. Tsiku loyamba kumva zimenezi ndinaiwala kupuma. Mukafuna kuchepetsa liwiro kapena bwato likapendekeka kwambiri, masulani chingwe. Mabuleki anu ndi amenewo. Chifukwa chake musadzamange chingwechi pachinthu chilichonse, ndipo musachikulunge m'dzanja.

5. Kupita komwe mphepo ikuchokera

Apa ndi pomwe pali luso lenileni. Bwato la thanga silingalunjike mphepo mwachindunji. Limayandikira mpaka madigiri pafupifupi 45 basi, mukapitirira apo thanga limakupiza n'kuima. Ndiye kuti mufike pamalo omwe ali kumphepo, mumayenda mokhotakhota monga amachitira wanjinga pokwera chitunda chachikulu, kumanja pang'ono, kumanzere pang'ono.

Potembenuka chitani motere. Onetsetsani kuti bwato lili ndi liwiro, chifukwa loyenda mwaulesi limakanirira pakati. Yang'anani ngati kulibe wina kumbali yomwe mukupita, chenjezani mnzanu mokweza kuti "Tikutembenuka!" Kankhani mpini kutali ndi inu, kuloza kuthanga. Mphuno ikamadutsa mphepo thanga lidzakupiza ndipo mtanda wake udzabwera pamwamba panu: weramani, dutsani pansi pake, khalani mbali inayo, wongolani mpini, kokani chingwe. Bwerezani kakhumi, kamakumi awiri, pakati pa zizindikiro ziwiri zomwe mwasankha pagombe, mpaka thupi lizichita lokha. Mukakanirira mphuno italoza mphepo musachite mantha. Bwato liyamba kubwerera m'mbuyo; kankhirani mpini mbali imodzi n'kudikira, litembenuka.

Kuyenda mphepo ili kumsana kumaoneka kophweka koma kuli ndi msampha. Mphepo ikangolowa kuseri kwa thanga, mtanda umawoloka mwamphamvu kamodzin'kamodzi. Ndinaphunzira zimenezi ndi chotupa pachipumi chomwe chinakhala sabata yathunthu. Mukafuna kutembenuka mphepo ili kumbuyo, yambani mwakokera thanga pafupi, weramani, likawoloka mulimasule msanga.

Lamulo lomwe sindiliphwanya ndi ili: ulendo uyambe molimbana ndi mphepo, mphamvu zikadalipo, kuti pobwerera mutatopa mphepo ikhale ikukuperekezani.

6. Likagubuduzika

Lidzagubuduzika ndithu, ndipo ndi bwino muyesere dala pamadzi ofika m'khosi mphunzitsi ali pomwepo. Werengani anthu kaye. Musalisiye bwato n'kuyamba kusambira kupita kumtunda. Gombe limaoneka pafupi kuposa mmene lilili, ndipo opulumutsa amaona bwato msanga kusiyana ndi mutu wa munthu. Masulani chingwe cha thanga, zungulirani kuseri, kwerani pathabwa lija lotulukira pansi, gwirani m'mphepete mwa bwato n'kutsamira chagada. Lidzadzuka pang'onopang'ono. Kwererani chakumbuyo, kapani madzi, pumani kaye musanapitirire.

7. Kukhala bwino ndi ena panyanja

Mabwato awiri a matanga akamakumana, lomwe mphepo ikuchokera kudzanja lake lamanzere ndilo limapatuka. Onse akakhala ndi mphepo mbali imodzi, wapafupi ndi komwe mphepo ikuchokera amapereka njira. Koma kwa asodzi musawerenge malamulo, ingopatukani. Iwo ali pantchito, inu mukusangalala. Mabotolo kapena zidutswa za thovu zoyandama pamzere ndi chizindikiro cha matchera. Zungulirani patali, chifukwa chiwongolero chikakodwa mumawononga chuma cha banja lonse. Dzuwa lisanalowe mukhale mutatuluka, asodzi a usipa asanayatse nyali zawo.

Zilumba za Thumbi West, Domwe ndi Mumbo zili m'paki ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa pakiyi ndi otetezedwa, kuwedza n'koletsedwa, ndipo pali chiphaso cholipira. Poponya nangula sankhani pamchenga, osati pamiyala pomwe nsomba za mbuna zimakhala, ndipo chingwe chitalike kasanu kuposa kuya kwa madzi: pamamita 3, tulutsani mamita 15.

Mukazolowera

Ulendo woyamba wautaliko ungakhale wozungulira Thumbi West kuchokera ku Chembe m'mawa wabata. Mudzaphunzira kuti kuseri kwa chilumba mphepo imazimirira, ndipo pothera chilumbacho imabwera mwadzidzidzi. Pampata wopapatiza monga Ilala Gap, pakati pa Domwe ndi mtunda, imapanikizika n'kusintha mphamvu. Yang'anani pamadzi: chigamba chakuda chothamangira kwa inu ndi mphepo yamphamvu, konzekani kumasula chingwe. Phunzirani kuchepetsa thanga mukadali pagombe m'malo modikira kuti zivute. M'dzinja mitambo yakuda ikaunjikana pamwamba pa mapiri, bwererani nthawi yomweyo, pakuti mlongoti pakati pa madzi umaitana mphenzi.

Akatswiri akhala akuchita mpikisano wa mabwato a matanga wa makilomita oposa 500 kuchokera kumwera kwa nyanjayi kulowera kumpoto, m'nyengo ya mwera yomwe ndakuletsaniyo, ndipo ndimalakalaka kuona achinyamata a ku Chembe, Msaka ndi Usisya atachuluka pamzere woyambira.

Pofika pagombe kwezani thabwa ndi chiwongolero zisanakhudze mchenga, lozetsani mphuno kumphepo, tsitsani thanga, liume musanalipinde. Ngati mwakhala mukulowa m'madzi a m'mphepete, makamaka chakumwera kwa nyanja, pakapita milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu pitani kuchipatala akakuyezeni likodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel.