Mmene Mungawerengere Asilikali Atsopano Ofunika Pachaka

Yambani ndi amene akuchoka, osati amene akubwera. Gawani chiwerengero cha gulu lonse ndi zaka zimene msilikali amakhala pantchito. Gulu la asilikali 30,000, aliyense akamatumikira zaka 10, limataya anthu 3,000 pachaka. Komatu si onse olembedwa amene amamaliza maphunziro. Ngati mmodzi mwa 10 alionse amagwa panjira, lembani 3,334.

Kenako onani kuti oyenerera alipo angati. Kuchuluka kwa achinyamata kumanyenga. Ku America, unduna wa zachitetezo unapeza mu 2020 kuti 23 okha mwa 100 alionse azaka 17 mpaka 24 ndiwo amakwanitsa zofunika zonse. Ena amagwa chifukwa cha kunenepa kwambiri, matenda, mankhwala osokoneza bongo kapena milandu.

Malipiro muwayerekeze ndi zimene munthu wa msinkhu ndi maphunziro omwewo angapeze kunja, mutaphatikiza nyumba, chakudya, chithandizo chachipatala ndi penshoni. Ulova ukakula, ofuna usilikali amachuluka. Ntchito zikamapezeka, mzere umafupika. Mu 2022, ntchito zili mbwee, gulu lankhondo lapamtunda la America linkafuna anthu 60,000 koma linaperewera ndi pafupifupi 15,000.

Anthu akaperewera, musathamangire kukweza malipiro a aliyense, pakuti mudzalipiranso ngakhale amene akanalowa popanda kuwonjezera kanthu. Bonasi ipite kumene kukusowa anthu: amakaniko a ndege, madokotala, akatswiri a makompyuta. Amenewa ndiwo makampani amawakopa, ndipo kusunga mmodzi wophunzira kale n'kotsika mtengo kuposa kuphunzitsa wina kuyambira pachiyambi.

Cholakwika chachikulu, chimene chimachitika bajeti ikathina, ndi kudumpha chaka osalemba. Sajeni sagulidwa pamsika, amakulira m'gulu momwemo. Mpata umene mwasiya lero umakwera limodzi ndi maudindo, ndipo pakatha zaka zingapo mumasowa otsogolera timagulu ndi ophunzitsa atsopano. Kufewetsa mayeso nakonso kumangodzaza kaundula, ogwa panjira n'kuchuluka.

Kulemba mokakamiza kumaoneka kotchipa pabajeti, koma mtengo wake amaulipira wokakamizidwayo potaya malipiro amene akanapeza kwina. Komiti ya Gates, imene boma la America linakhazikitsa kuti iunike nkhaniyi, momwe munali katswiri wa zachuma Milton Friedman, inanena mu 1970 kuti umenewu ndi msonkho wobisika, ndipo America inasiya kukakamiza mu 1973. Sweden inasiya mu 2010, koma odzipereka ataperewera inaganiza zoyambiranso mu 2017. Poyerekeza kukakamiza ndi kulemba odzipereka, malipiro otayikawo muwaike m'masamu anu.