Momwe mungalumikizire ndi kupenta kandege kapulasitiki ka m'bokosi

Kandege kogula m'bokosi sikabwera kathunthu. Mukatsegula mupeza tizidutswa totuwa tili chigwirire pa chimango cha pulasitiki, kagalasi kophimba malo a woyendetsa, pepala la zizindikiro zomata, ndi pepala la malangizo lodzaza zithunzi ndi manambala. Kudula, kumata, kupala ndi kupenta ndi ntchito yanu. Tindege tambiri toyamba timawonongeka ndi zinthu ziwiri zokha, guluu wochuluka ndi penti yokhuthala, ndipo kuno ku Dedza kuzizira ndi chifunga zimawonjezera vuto chifukwa chilichonse chimachedwa kuuma.

Kusankha bokosi

Nambala yomwe ili pabokosi, monga 1:72, ikutanthauza kuti sentimita imodzi pa kandegeko ikuimira masentimita 72 pa ndege yeniyeni. Spitfire, ndege yankhondo ya ku Britain yomwe idauluka koyamba mu 1936, mapiko ake amatambasuka mamita 11.2. Pa 1:72 amakhala masentimita 15.6, pa 1:48 amaposa pang'ono masentimita 23. Ndege zonyamula anthu zimakonda kubwera pa 1:144, ndipo Boeing 737-800, yotalika mamita 39.5, imatsala masentimita 27 basi.

Woyamba kumene asankhe ndege ya injini imodzi pa 1:72. Zamapiko osanjikizana zisiyeni kaye, timitengo togwira mapikowo timavuta kuimika. Ndege zonyamula anthu ngati zomwe zimatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi zimaoneka zosavuta chifukwa zidutswa zake n'zochepa, koma zimanyenga: penti yoyera yonyezimira imaulula kachilema kalikonse.

Makampani odziwika ndi Airfix, Revell, Tamiya ndi Italeri. Katunduyu sapezeka mwachisawawa pa boma, choncho njira yapafupi n'kutuma wachibale wochokera ku Joni. Mumuuze kuti guluu wa pulasitiki ndi penti yamafuta yotchedwa enamel zimagwira moto ndipo sazilola m'katundu wokwera naye ndege. Wodzera pa basi pa chipata cha Dedza ndiye angakutengereni zonse. Mabokosi ena a Airfix ndi Revell amabwera ndi guluu, bulashi ndi timapenti m'kati momwemo.

Zida

Zambiri zili kale pakhomo. Chowengera zikhadabo chimadula zidutswa pa chimango bwino lomwe. Mufunikanso lezala yatsopano kapena kampeni kakuthwa, zopanira zovala zinayi, timphira tomangira ndalama, zotokosera m'mano, ndi masikingi tepi. Sandipepa gulani wakuda wa openta magalimoto, wa nambala 400, 600 ndi 1000. Wa akalipentala ndi wokhakhala kwambiri, amasiya mikwingwirima yomwe penti singabise. Mabulashi awiri akukwanirani: lathyathyathya la mamilimita 6 mpaka 8, ndi losongoka la nambala 0.

Guluu akhale wamitundu iwiri. Woyamba ndi wa pulasitiki weniweni, monga Revell Contacta kapena Tamiya Extra Thin. Ameneyu samata ngati ulimbo, amasungunula pulasitiki ya mbali zonse ziwiri n'kuzisandutsa chinthu chimodzi. Wachiwiri ndi guluu woyera wa matabwa, wa kagalasi. Supagulu musamuyandikize pa kagalasi, nthunzi yake imasiya mbuu woyera wosachoka.

Kutsuka ndi kudula

Viikani chimango chonse m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale kwa mphindi zisanu, tsukuluzani, n'kuchisiya chiume chokha. Ku fakitale zidutswa zimatha kutuluka ndi timafuta ta m'chikombole, ndipo penti ya madzi ikafika pamafuta imathawa n'kupanga timadontho. Madzi asakhale otentha, mapiko amapindika.

Musapotokole chidutswa ndi dzanja. Dulani motalikirako milimita imodzi, kenako chotsani kotsalako ndi lezala n'kusalaza ndi sandipepa wa 600. Nambala ya chidutswa ili pa chimango, osati pa chidutswacho, ndiye dulani zokhazo zomwe gawo la malangizo lomwe muli likufuna. Tizidutswa tating'ono monga matayala, mpando ndi pulopela tipenteni tikadali pa chimango.

Kuyesa musanamate

Apa ndiye pagona ntchito. Chidutswa chilichonse chiyeseni pamalo pake popanda guluu. Gwirizanitsani mbali ziwiri za thupi la ndege n'kuziyang'ana pa kuwala kwa zenera. Ngati kuwala kukudutsa pamsoko, pali chotchinga: mwina kotsala ka chimango, mwina kachikhomo kokulirapo kuposa dzenje lake, mwinanso pansi pa malo a woyendetsa patambalala. Palani pang'ono, yesaninso. Kachikhomo kakamapotoza thupi kaduleni kachoke, mudzalinganize ndi maso.

Malo a woyendetsa amapentedwa thupi lisanatsekedwe, chifukwa pambuyo pake bulashi silingalowe. Mu Spitfire m'kati ndi mobiriwira motuwira, ndipo bolodi la mawotchi ndi lakuda. Pamalo podzafika guluu palani penti ichoke. Guluu wa pulasitiki sagwira pa penti, msoko umadzang'ambika tsiku lina mukungoinyamula.

Ndege yokhala ndi tayala kutsogolo, monga Boeing ija, imafuna cholemetsa kumphuno, apo ayi imakhalira mchira. Malangizo amatchula magalamu ake. Timanati tating'ono ta njinga timagwira ntchitoyi. Mangani ndege yonse ndi tepi, ikani timanatito, n'kuitsamiritsa pa pensulo yogoneka pomwe padzakhale matayala akuluakulu. Mphuno ikagwa ndiye kuti zakwana. Timateni ndi guluu wa matabwa. Mukathira guluu wa pulasitiki wambiri m'malo otsekeka chonchi, amapitiriza kudya pulasitiki m'kati, ndipo pakapita masiku angapo mphuno imafewa n'kubonyoka. Spitfire ili ndi katayala kumchira, siifuna cholemetsa.

Kumata

Ndi guluu wamadzimadzi, gwirizanitsani kaye zidutswa, kenako gusitsani kabulashi pamsoko. Guluuyo amayenda yekha m'mng'alumo. Dikirani masekondi khumi, finyani pang'ono mpaka kamzere ka pulasitiki yosungunuka katuluke. Musakapukute! Kakauma mudzakapala, ndipo msoko udzazimiririka wopanda fila, phala lotsekera mipata. Zala zikhale kutali ndi msoko, chifukwa guluu akalowa pansi pa chala amadinda chidindo chanu pa phiko. Zikachitika musakhudze, dikirani mawa lake mudzapale ndi 600 kenako 1000.

Thupi limangeni ndi timphira, mapiko apanireni ndi zopanira zovala. Guluu asanalimbe, yang'anani ndegeyo chakumaso, maso anu ali molingana ndi tebulo. Mapiko a Spitfire amakwera pang'ono kunsonga, ndipo mbali zonse zikwere mofanana. Timapiko takumchira tikhale mopingasa bwino ndi chipsepse choimirira. Ikani timabokosi ta machesi pansi pa nsonga kuti zisatsike. Isiyeni usiku wonse.

Matayala, pulopela ndi kamlongoti ka wailesi musamate panopa ngakhale malangizo atero. Zimathyoka popenta.

Misoko ndi mipata

Palani misoko ndi sandipepa wonyowa, 400 kenako 600 kenako 1000, mozungulira thupi kuti msana wa ndege usaphwatalale. Matani tepi mbali zonse za msoko kuti timizere tozokotedwa pa thupi tisafufutike. Mpata waung'ono, monga wa pomwe phiko lakumana ndi thupi, umatsekeka ndi guluu wa matabwa: mupake, mupukute ndi chala chonyowa. Waukulu umafuna fila. Ngati mulibe, dulani tizidutswa ta chimango, tiponyeni m'kabotolo ka guluu wotsala pang'ono, ndipo mawa lake mupeza phala. Pakani pang'ono pokha, ndipo lipatseni masiku awiri, pakuti limauma pamwamba m'kati mukadali mofewa.

Kagalasi kamateni ndi guluu wa matabwa wotengera kunsonga ya chotokosera m'mano. Amauma mowonekera. Kenako phimbani magalasi ndi timizere ta tepi, kusiya mafelemu okha poyera.

Kupenta

Penti zilipo ziwiri. Ya acrylic imasungunulidwa ndi madzi kapena thina wake, ndipo imauma m'mphindi 20 mpaka 30. Ya enamel, monga timatini ta Humbrol ta mamililita 14, imasungunulidwa ndi thina wotchedwa white spirit, imayala bwino ndi bulashi, koma imafuna maola osachepera asanu ndi limodzi musanabwereze, ndi tsiku lathunthu musanaigwire. Ziwirizi sizisakanizidwa m'chibekete chimodzi. Thina wa openta magalimoto ndi chochotsera penti ya m'zikhadabo zimadya pulasitiki, ndipo sipuleyi ya galimoto ikapoperedwa mochuluka imakwinyitsa pamwamba pake.

Yambani ndi andakoti yotuwa yopyapyala. Imathandiza penti kugwira, komanso imaonetsa misoko yomwe mumayesa kuti yatha. Bwererani ku sandipepa pomwe pakufunika.

Takasani penti ndi kamtengo kwa mphindi ziwiri zathunthu, chifukwa utoto weniweni umakhazikika pansi. Tengani pang'ono muike pa chitsekerero cha botolo, n'kusungunula mpaka iziyenda ngati mkaka. Ulendo woyamba udzaoneka wonyansa, wamizeremizere, pulasitiki ikuonekera pansi. N'chimodzimodzi kwa aliyense, ndipo pamenepa ndi pomwe ambiri amalakwa pobwereza penti isanaume. Bulashi likadutsanso pa penti yoyamba kugwira limaikokolola. Dutsani kamodzi, chakutsogolo kupita kumbuyo momwe mphepo imadutsira pa phiko, musiye iume. Maulendo atatu opyapyala amaphimba bwino n'kusiya timizere ta thupi tikuoneka. Ulendo umodzi wokhuthala umakwirira zonse.

Yambani ndi mtundu wowala. Pa Spitfire ya mu 1940, pentani kumimba kaye ndi mtundu wotumbuluka wotchedwa Sky, muphimbe ndi tepi, mupake wadothi pamwamba ponse, kenako mujambule malire ndi pensulo n'kudzaza wobiriwira. Tepi iyambe yamatidwa pa nsalu ya thalauzi kawiri kuti mphamvu ichepe, ndipo pochotsa muikoke chogonera. Bulashi lizichokera pa tepi kupita panja, penti isalowe pansi pake.

Za nyengo: m'miyezi ya Juni ndi Julayi, m'mawa wa ku Dedza, Bembeke kapena Tsangano umatha kuzizira mpaka pansi pa madigiri 10, ndipo penti ya acrylic siigwira bwino pozizira chotero. Pentani kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka 3 koloko masana. Tsiku la chifunga musapake vanishi, imauma yoyera ngati mwawaza ufa. Musayese kufulumizitsa poyandikiza ku mbaula kapena kuyanika pa dzuwa la Okutobala, mapiko amapindika osabwereranso. M'chilimwe mdani ndi fumbi: mukangomaliza kupaka, vundikirani ndegeyo ndi beseni loyera, mwala waung'ono utatchinjiriza mbali imodzi kuti mpweya uzilowa. Popenta ndi enamel zenera likhale lotsegula, kandulo ikhale kutali.

Zizindikiro

Zizindikiro za m'bokosi sizimatidwa ngati masitika. Zimatsetsereka kuchoka pa pepala zikanyowa. Musanaziike, pakani vanishi yonyezimira pa ndege yonse n'kudikira tsiku. Penti yosanyezimira ndi yokhakhala mukaionera pafupi, ndipo mpweya wotsekeredwa pansi pa chizindikiro umaoneka ngati siliva m'mbali mwake.

Dulani chimodzi chimodzi. Viikani m'madzi ofunda masekondi 10 mpaka 15, tulutsani, chiikeni pa nsalu kwa theka la mphindi mpaka chiyambe kusuntha ndi chala. M'madzi ozizira a m'mawa chimachedwa, ndipo mukachikakamiza chimang'ambika. Mukachisiyanso m'madzi nthawi yaitali guluu wake amasukuluka. Nyowetsani pamalo pake, gunditsani pepala pomwepo, n'kuchikankhira pa ndege ndi bulashi lonyowa. Chikakhala bwino, gudubuzani kathonje kuchokera pakati kupita kunja kuti madzi atuluke. Chikapindika, chibwezereni m'madzi, chimatambasuka chokha. Thovu lotsala libooleni ndi singano mawa lake.

Kumalizitsa

Zizindikiro zikagona usiku, pukutani madontho a madzi ndi nsalu yonyowa, kenako pakani vanishi yomaliza: yosanyezimira pa ndege yankhondo, yonyezimira pa yonyamula anthu. Kagalasi kasakhudzidwe ndi vanishi yosanyezimira.

Mwaye wa injini umapangidwa ndi fumbi la makala kapena la pensulo. Perani pang'ono pa sandipepa, tengani ndi bulashi louma, n'kukoka kuchokera pa mapaipi a utsi kupita chakumbuyo. Muchepetse dzanja, pa 1:72 mzere wa masentimita awiri ndi wokwanira. Waya wa wailesi mungaupange ndi chimango chomwe chija: zunguzani kachidutswa masentimita angapo pamwamba pa lawi la kandulo mpaka kafewe, kachotseni pamoto, n'kukoka mbali zonse mosathamanga. Kamatuluka ulusi wopyapyala ngati tsitsi.

Tsopano matani matayala, pulopela ndi kamlongoti. Palani penti pa zikhomo za miyendo, matani, ndipo ndegeyo igone chagada pakamwa pa kapu usiku wonse kuti miyendo isatagalale ndi kulemera. Tepi ya pa kagalasi ichoke pomalizira penipeni, mutayamba mwadutsitsa lezala m'mphepete mwa mafelemu kuti penti isasendeke nayo limodzi. Poisunga, pewani pawindo: dzuwa limachezutsa zizindikiro ndi vanishi. M'kabati yagalasi ya mbale ndi pabwino, ndipo fumbi likagwera lichotseni ndi bulashi lofewa louma, osati nsalu, yomwe imakola pulopela.