Momwe mungaunikire chithunzi cha kakwiyo akudya nyama kutchire

Mu 2017 bungwe la African Parks linabweretsa akakwiyo anayi kuchokera ku South Africa n'kuwaika m'nkhalango ya Liwonde, patatha zaka pafupifupi 20 nyamayi isakuoneka m'Malawi. Mu 2019 ena anapita ku Majete. Chiyambireni nthawi imeneyo, achinyamata athu a makamera akumabwerako ndi zithunzi za kakwiyo ali pa nyama, n'kuziika pa Facebook kapena kutumiza pa WhatsApp. Mayankho ake ndi omwe aja: "Zokongola!", "Koma ndiye mwatha, achimwene!" Wojambulayo amasangalala tsiku limodzi, koma sanaphunzirepo kanthu. Ngati mnzanu wakutumizirani chithunzi chotere n'kunena kuti "tandiuzeni chilungamo", nazi njira zomwe ine ndimatsata.

Yambani ndi kutsimikiza kuti ndi kakwiyodi

Ambiri amasokoneza kakwiyo ndi kambuku. Kakwiyo ali ndi mizere iwiri yakuda yotsika kuchokera m'maso mpaka m'mbali mwa kamwa, ngati njira ya misozi. Mawanga ake ndi akuda, ozungulira, odzaza. A kambuku amakhala m'timagulu tokhala ndi malo oyera pakati. Ndipo mukaona nyama yapachikidwa panthambi, ameneyo ndi kambuku. Kakwiyo amadyera pansi.

Funsani: chithunzichi chagwira mphindi iti?

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo simungaunike bwino ngati simukudziwa mmene kakwiyo amadyera.

Amasaka kwambiri masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo. Amatha kuthamanga liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola, koma kwa kanthawi kochepa, mamita mazana angapo basi. Akaipeza nswala amaikola mwendo kapena tako ndi chikhadabo, igwe, kenako amailuma pakhosi n'kukanikiza mpaka mpweya utha. Zikatero amaikokera pamthunzi kapena pachitsamba. Ndiye sadya pomwepo ayi. Amakhala pansi pambali pa nyamayo, kamwa yasa, nthiti zikukwera ndi kutsika, akupuma wefuwefu, nthawi zina mpaka theka la ola. Akayamba kudya, kawirikawiri amayambira kuntchafu, ndipo amadya mothamanga. Akaluma kangapo amadzutsa mutu, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kubwereranso.

Chimene amadzutsira mutu ndi mantha. Thupi lake ndi lopepuka, lothamangira, osati lomenyera nkhondo. Fisi mmodzi akhoza kumulanda nyama, mkango ukhoza kumupha iye kapena ana ake, ndipo miimba ikayamba kuzungulira kumwamba imakhala ikuitana adani akewo. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Kakwiyo amadya ngati amaudziwa mwambiwu, ndipo akachoka pa nyama sabwererakonso kawirikawiri.

Tsono yang'anani chithunzi chija. Kodi chikuonetsa kutopa kwa pambuyo pa liwiro? Kodi chikuonetsa kudya kwa tcheru kuja? Mnyamata wina anandionetsa zithunzi ziwiri pafoni, zojambulidwa motsatizana. Choyamba mutu wonse unali utalowa m'mimba mwa nswala, poonekera msana ndi mapewa okha. Iye ankachikonda chifukwa magazi anali ambiri. Chachiwiri kakwiyo anali atadzutsa mutu, chibwano chili psuu, kachidutswa ka udzu katamatirira pamphuno, maso ali kutali kumanzere kwa chithunzi. Ndinamuuza kuti chachiwiricho ndiye chake. Choyamba chikanatha kukhala cha chilombo china chilichonse. Chachiwiri chinali cha kakwiyo, nyama yomwe imadya ikuyembekezera kulandidwa.

Ngati pali akakwiyo angapo, onaninso kuti ndani ndi ndani. Amuna, kawirikawiri apachibale, amayenda ndi kudya limodzi. Wamkazi amakhala yekha kapena ndi ana ake. Chithunzi cha mayi ataima chilili akulondera pamene ana akudya chili ndi nkhani yakeyake, ndipo wojambula akamudula mayiyo n'kusiya ana okha, muuzeni kuti wataya theka la nkhani.

Kulitsani chithunzicho muone diso

Musaweruze pa kachithunzi kakang'ono ka pafoni. Chikulitseni mpaka diso lidzaze sikirini. Kamera imakonda kunyengedwa ndi udzu: fokasi, ndiko kuti malo omwe kamera yalunjika kuti aoneke bwino kwambiri, imagwira tsamba lomwe lili patsogolo pa nkhope, kapena mwendo wa nyama yophedwayo, diso n'kutsala losaoneka bwino. Ngati ubweya wa paphewa ukuwerengeka koma diso lili mbuu, fokasi inaphonya, ndipo palibe kompyuta yomwe ingabwezeretse zimenezo bwinobwino.

Siyanitsani vuto limeneli ndi la kugwedera. Ngati udzu ndi thupi zili bwino koma mutu wokha ndi wosokonekera, ndiye kuti shata, kachitseko ka m'kamera kolowetsa kuwala, inachedwa kutseka pamene kakwiyo ankakoka chikopa. Pemphani manambala a chithunzicho, aja amatchedwa EXIF, omwe amasonyeza nthawi yomwe shata inakhala yotsegula. Pa nyama yomwe ikugwedeza mutu, 1/1000 ya sekondi ndi poyambira pabwino. Mukaona 1/125 ndi lenzi yaitali (galasi la kamera lokokera zakutali), chifukwa mwachipeza.

Maso a kakwiyo ndi olowa mkati, pansi pa chipumi. Dzuwa likakhala paliwombo amasanduka maenje awiri akuda. Kukakhala m'mawa kapena madzulo kuwala kumalowa cham'mbali, mtundu wake wonga uchi n'kuonekera, ndi kadontho kowala pakati. Kadontho kameneko kafufuzeni.

Onani mitundu, makamaka kufiira

Magazi amayesa ojambula ambiri. Pokonza chithunzi pa pulogalamu ya Lightroom kapena pafoni, munthu amakweza mitundu mpaka magazi afanane ndi penti, udzu wouma wa mu Okutobala n'kusanduka wa olenji. Magazi enieni pa ubweya sachedwa kuda ndi kuuma. Onaninso pakhosi ndi pamimba pomwe ubweya ndi woyera: ngati payera mbee osaoneka tsitsi ngakhale limodzi, kuwala kunachuluka.

Malo oimira ndi zomwe zalowa m'chithunzi

Zithunzi zambiri zimajambulidwa munthu ali pamwamba m'galimoto ya alendo, kamera ikuloza pansi. Zotsatira zake kakwiyo amaoneka wamng'ono, womatirira kudothi. Kamera ikatsika kufika pawindo kapena nyamayo ikakhala patali pang'ono, maso ake amalingana ndi a woonera ndipo kumbuyo kumafewa. Yendetsani maso anu m'mphepete monse: nsonga ya mchira yodulidwa, tayala la galimoto ina, nthambi yooneka ngati yamera pamutu. Kumene kakwiyo akuyang'ana kusiyidwe mpata, pakuti n'kumene ngozi ikuchokera.

Ine ndimakondwera wojambula akabwerera m'mbuyo pang'ono n'kulola malo alankhule. Mitengo ya tsanya, mivumo ndi dambo la m'mbali mwa Shire zimauza woonera kuti kuno ndi ku Liwonde, si ku Serengeti ya ku Tanzania. Nyama yophedwayo nayonso ioneke kuti ndi chiyani, nyanga kapena ziboda, osati mulu wofiira chabe.

Funsani mmene chinajambulidwira

Funso ili ambiri amachita nalo manyazi, koma kwa ine limaposa ena onse a kamera. Kafukufuku wa mu 2016 anayerekeza kuti akakwiyo otsala kutchire padziko lonse ndi pafupifupi 7,100. Wina wa mu 2018 ku Maasai Mara, ku Kenya, anapeza kuti akakwiyo aakazi okhala kumalo kodzaza magalimoto a alendo amakulitsa ana ochepa poyerekeza ndi a kumalo kwa phee. Magalimoto akamuzinga kakwiyo pa nyama, amamutchingira kuti asaone adani, phokoso limamuchotsa pa chakudya asanakhute, ndipo liwiro lonse lija limakhala lapita pachabe.

Chithunzi chenicheni chimaulula. Ngati kakwiyo akuyang'ana kamera makutu atagona kumbuyo, thupi lataya nyama ngati akufuna kuthawa, mwina anthu anayandikira mopyola. Ngati nkhope yadzaza chithunzi koma lenzi ndi yaifupi, funsani kuti galimoto inaima pati, komanso ngati inachoka mumsewu. Funsani mwaulemu, koma funsani ndithu.

Palinso nkhani ya kolala. Akakwiyo ambiri obwezeretsedwa m'nkhalango amavekedwa kolala pakhosi kuti oyang'anira azidziwa komwe ali. Ojambula ena amaifufuta pa kompyuta. Ngati chithunzi n'chopachika pabalaza, ndi nkhani ya mwini wake. Koma ngati chikupita kunyuzipepala kapena kumpikisano, kolala ikhalepo, chifukwa ndi mbali ya choona cha nyamayo. Mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year, womwe umayendetsedwa ndi Natural History Museum ya ku London, umapempha fayilo yoyambirira ya mu kamera kuti aone chomwe chasinthidwa. Chithunzi chomwe chinapambana mu 2009, cha chilombo chamtundu wa galu wakutchire wa ku Spain chikulumpha chipata, chinalandidwa mphoto oweruza ataona kuti nyamayo iyenera kuti inali yoweta.

Lembani ndemanga yoti munthu agwire nayo ntchito

Tchulani chinthu chimodzi chomwe chayenda bwino, ndipo chikhale chenicheni. Kenako tchulani vuto limodzi kapena awiri aakulu, osati khumi, ndi chomwe angachite ulendo wina. Siyanitsani zomwe zingakonzeke lero pa kompyuta, monga mitundu ndi kadulidwe, ndi zomwe zikufuna kubwerera kutchire, monga fokasi ndi mphindi yojambulira.

Kwa mnyamata uja ndinalemba chonchi: "Achimwene, chachiwirichi mwagwira nthawi yabwino, mutu uli m'mwamba ndipo maso akusaka adani. Fokasi yagwera pa udzu wa patsogolo, ndiye ulendo wina ikani kadontho ka fokasi padiso penipeni. Kufiira kuchepetseni pang'ono, ndipo kumanzere kusiyireni mpata. Komanso tandiuzani, galimoto inali patali bwanji, ndipo pamene munkachoka anali akudyabe?"