Maungu akuyoyoka akadali aang'ono? Yambani mwayang'ana njuchi

Ikafika Januwale ndi Febuluwale, alimi ambiri amabwera ndi dandaulo lofanana. Maungu ayanga bwino, masamba ndi obiriwira, maluwa ali ponseponse, koma tizipatso tikangofika msinkhu wa dzira la nkhuku timasanduka tachikasu, n'kufota, n'kuyoyoka. Wina amati nthaka yaguga, wina amati mbewu inali yachabe, wina amathamangira kusitolo kukagula mankhwala. N'zoona kuti ng'amba, matenda ndi ntchentche zoboola zipatso zimagwetsa maungu. Koma musanatulutse ndalama, lawirani kumunda dzuwa likungotuluka, muime pamene pali maluwa ambiri kwa mphindi khumi, muone ngati muli njuchi zimene zikulowa ndi kutuluka. Mukapeza kuti kuli zii, mwina vuto lanu lagona pamenepo.

Dungu limatulutsa maluwa a mitundu iwiri pa chomera chimodzi. Duwa lachimuna limakhala pa kaphesi kakatali, kowonda, ndipo m'kati mwake muli kamtengo kamodzi kodzaza ndi mungu, ufa wachikasu uja umakanirira ku zala. Duwa lachikazi limakhala pa kaphesi kakafupi, ndipo kunsi kwake kumakhala kale kadungu kakang'ono. Kadungu kameneka sikangakule ngati mungu wa duwa lachimuna sunafike m'kati mwa duwa lachikazi. Mungu wa chimanga ndi wopepuka, mphepo imaunyamula kuchoka ku ngayaye kupita ku ndevu. Wa dungu ndi wolemera komanso womata, mphepo singaunyamule. Onyamula ake ndi njuchi.

Nthawi yake ndi yochepa kwambiri. Duwa la dungu limatseguka m'bandakucha, dzuwa likayamba kutentha limayamba kufota, ndipo pofika masana limakhala litatsekeka. Silidzatsegukanso. Ndiye kuti duwa lachikazi lililonse lili ndi m'mawa umodzi wokha, maola ochepa chabe, woti lilandire mungu. Komanso njuchi imodzi kutera kamodzi sikukwanira, pakuti nthanga iliyonse ya m'dungu imafuna kambewu kakekake ka mungu. Duwa likalandira mungu wochepa, dungu limatha kukula koma lopindika, lonenepa mbali imodzi, la nthanga zochepa kapena zopanda kanthu m'kati. Zimenezi zimachitikanso pa nkhaka, mavwende, zipwete ndi mphonda.

Amayi, apa ndikupempheni chinthu chimodzi chokhudza chiluwe. Chiluwe chotendera ndi ndiwo yabwino, ndipo sindikunena kuti muleke kuthyola. Ambiri mumadziwa kale kuti duwa lokhala ndi kadungu kunsi silithyoledwa. Chovuta n'chakuti nthawi imene timakonda kupita kukathyola ndiwo, m'mawa mame asanaume, ndiyo nthawi imene njuchi zikutenga mungu m'maluwa achimunawo. Mukawathyola onse 6 koloko, maluwa achikazi a tsiku limenelo atsala opanda mwamuna. Dikirani dzuwa likwere, cha m'ma 10 kapena 11 koloko, ntchito itatha. Duwalo likhala litafota pang'ono koma mumphika silisintha kukoma. Ngati simungachitire mwina koma kuthyola m'mawa, siyani maluwa achimuna angapo pa phando lililonse. Ndipo musadandaule mukaona kuti masabata oyamba dungu likutulutsa maluwa achimuna okhaokha. Ndi mmene limayambira, achikazi amabwera pambuyo.

Ngati njuchi n'zochepa m'munda mwanu chaka chino, mungathe kugwira ntchitoyo ndi manja. Pakati pa 6 ndi 8 koloko m'mawa thyolani duwa lachimuna limene latseguka tsiku lomwelo, chotsani masamba ake achikasu kuti kamtengo ka mungu katsale poyera, ndipo kapakeni mofatsa pa timitu ta m'kati mwa duwa lachikazi, mozungulira mbali zonse. Duwa lachimuna limodzi lingathandize achikazi awiri kapena atatu. Pakatha masiku ochepa mudzaona kadungu kakunenepa m'malo mofota. Njira imeneyi ndi yabwino kudimba kapena pakamunda ka kuseri kwa nyumba, koma pa ekala yathunthu palibe amene angakwanitse tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake nkhani yaikulu ndi yosunga njuchi zamoyo.

Kuti muzisunge, dziwani mmene zimafunira chakudya. Njuchi ya uchi imatuluka kukafuna zinthu ziwiri m'maluwa: timadzi totsekemera timene imapangira uchi, ndi mungu umene imadyetsa ana ake. Ikapeza malo a maluwa ambiri imabwerera mumng'oma n'kuvina pa chisa, kugwedeza thupi mwanjira yosonyeza zinzake kumene kuli chakudyacho ndi kutalika kwake. Amene anafotokoza bwino za gule ameneyu ndi wasayansi Karl von Frisch wa ku Austria, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1973. Kwa mlimi, tanthauzo lake n'lakuti munda wa maluwa ukadziwika, njuchi zimabwera zambiri, tsiku ndi tsiku, pa nthawi yomweyo imene maluwawo amatseguka. Paulendo umodzi njuchi imakonda kutera pa maluwa a mtundu umodzi, ikayamba dungu imapitiriza dungu, ndipo n'chifukwa chake mungu umafika pamene ukufunika. Koma khalidwe lomweli ndi limene limaziphetsa. Mukapopera mankhwala m'munda umene njuchi zauzana kale kuti muli chakudya, mupha gulu lonse limene laitanidwa, ndipo zina zitengera poizoniyo kumng'oma.

Apa ndipo pali vuto lathu lalikulu masiku ano. Mbozi yowononga chimanga yotchedwa fall armyworm inaoneka koyamba mu Africa kumadzulo kwa chigawochi mu 2016, ndipo mu nyengo yolima ya 2016 ndi 2017 inali itafika kuno ku Malawi. Mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha mbozizi. Kuyambira pamenepo alimi amene kale sankapopera chimanga n'komwe anayamba kugula sipuleya. Palibe angawanene, chimanga ndi moyo. Koma ife timadzala maungu, nyemba, khobwe ndi nandolo m'munda womwewo wa chimanga. Mankhwala monga cypermethrin, chlorpyrifos, lambda-cyhalothrin ndi dimethoate sasankha, amapha mbozi ndi njuchi mofanana. Amene akupopera chimanga 7 koloko m'mawa, maungu ali ndi maluwa otseguka pansi pake, akupulumutsa nsima n'kupha ndiwo.

Malangizo amene ambiri munamva amati poperani m'mawa kwambiri kapena madzulo. Ine ndikuti, ngati m'munda muli mbewu iliyonse imene ikuchita maluwa, sankhani madzulo basi, dzuwa litapendeka, kuyambira cha m'ma 5 koloko. Nthawi imeneyo maluwa a maungu atsekeka, njuchi zambiri zabwerera kwawo, ndipo mankhwala amakhala ndi usiku wonse woti aume. Zimathandizanso mbali ya mbozi, chifukwa masana zimabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga ndipo zimatuluka kudzadya kukazizira. Lozetsani kamwa ya sipuleya m'kati mwa nsongamo, mmene masamba atsopano akutulukira, osati kumwaza mankhwala m'munda monse. Musapopere kukuomba mphepo. Chimanga chikatulutsa ngayaye lekani kupopera pamwamba pake, pakuti ngakhale chimanga sichidalira njuchi, njuchi zimakonda kudzatenga mungu wa ngayaye m'mawa, ndipo mukadutsa m'munda nthawi imeneyo mumazimva zikulira.

Musanapopere n'komwe, yenderani munda. Imani malo asanu osiyanasiyana, pamalo aliwonse muone mbewu khumi. Mazira a mbozi amakhala mulu pa tsamba, aphwanyeni ndi zala. Mbozi zikakhala m'mbewu zochepa, kuzitola kapena kuthira dothi, mchenga kapena phulusa m'nsonga kumathandiza popanda kupha tizilombo tina. Nyerere ndi mavu amadya mbozi, ndipo mankhwala amawaphanso. Ngati mugwiritsa ntchito madzi a nimu kapena ombwe, nawonso thirani madzulo. Kukhala kwa mankhwala achilengedwe sikutanthauza kuti sangavulaze njuchi akaikhudza ali aawisi.

Pali gulu lina la mankhwala limene kupopera madzulo sikulithetsa vuto lake. Werengani pa botolo kapena paketi, mukaona dzina loti imidacloprid, thiamethoxam kapena clothianidin, dziwani kuti mankhwalawo amalowa m'thupi mwa mbewu n'kufika mpaka mu mungu ndi m'timadzi ta m'maluwa. Mu 2018 mayiko a European Union analetsa kugwiritsa ntchito mankhwala atatuwa pa mbewu za panja chifukwa cha njuchi. Musawathire pa mbewu imene yayamba kapena yatsala pang'ono kuchita maluwa. Ndipo gulani mankhwala okhala ndi chizindikiro cholembedwa bwino, kwa ogulitsa ovomerezeka ndi bungwe la boma loyang'anira mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board. Aja othiridwa m'timabotolo topanda dzina pamsika simungadziwe n'komwe kuti ndi chiyani, ndiye mungadziwe bwanji mlingo wake?

Tikamati njuchi, ambiri timaganiza za njuchi ya uchi yokha. Padziko lonse pali mitundu ya njuchi yoposa 20,000, ndipo yambiri sipanga uchi, sikhala m'magulu, siluma munthu wosaiputa. Zina zimakumba timaenje m'nthaka yosalimidwa, zina zimakhala m'mapesi ouma ndi m'mabango. Bemberezi, uja wakuda wamkulu amaboola mitanda ya denga, ndi mmodzi mwa antchito abwino kwambiri pa nandolo, khobwe ndi magalagadeya. Duwa la nandolo limafuna kachilombo kamphamvu kolikankha kuti litseguke, ndipo bemberezi amatha. Pa tomato ndi mabiringanya, mungu umatuluka bwino duwa likanjenjemeretsedwa, ndipo bemberezi amachita zimenezi pomwe njuchi ya uchi singathe. Ana akamamuthamangitsa ndi zikoti, aletseni. Ngati akuwononga denga, muikireni chipika chouma cha mtengo wofewa kumalire a munda. Mango nawo, amene amachita maluwa m'nyengo yozizira mpaka kumayambiriro kwa chilimwe, amathandizidwa kwambiri ndi ntchentche pamodzi ndi tinjuchi tating'ono tosaluma.

Njuchi ya uchi imatha kuuluka makilomita awiri kapena atatu kukafuna chakudya, nthawi zina kupitirira. Tinjuchi tating'ono tam'tchire sitipita patali, tambiri timathera pa mamita mazana ochepa kuchoka pachisa. Ngati pafupi ndi munda wanu palibe potchinga, palibe thengo, palibe nthaka yosagwiridwa ndi khasu, sitingafike pa maungu anu ngakhale maluwa atachuluka bwanji. Akatswiri otsogozedwa ndi Lucas Garibaldi wa ku Argentina anayeza minda 344 mu Africa, Asia ndi Latin America, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Anapeza kuti m'minda yaing'ono, yosakwana mahekitala awiri, kuchuluka kwa tizilombo toyendera maluwa kungachepetse kusiyana kwa zokolola pakati pa minda yokolola zochepa ndi yokolola zambiri ndi pafupifupi 24 pa 100 alionse. Minda ya alimi ambiri kuno ndi yaing'ono chomwecho, ndiye phindu limeneli ndi lathu, ndipo silifuna thumba la feteleza.

Choncho siyani kamzere ka thengo m'malire a munda, m'mbali mwa mtsinje ndi pa chulu. Musalambule chilichonse mpaka dothi kuyera. Moto wa m'chilimwe, uja timayatsa posaka mbewa kapena posesa munda, umawotcha zisa za m'mapesi ndi maluwa ochepa amene atsala. Ganiziraninso za miyezi imene mbewu zathu sizichita maluwa. Maungu amapereka chakudya miyezi iwiri kapena itatu, koma njuchi ziyenera kudya chaka chonse kuti Januwale adzazipeze zilipo. Nsangu imachita maluwa mvula itatha, gliricidia m'chilimwe, nandolo m'miyezi yozizira, ndipo mitengo ya m'nkhalango zathu monga mombo, tsamba ndi mchenga ndiyo gwero la uchi wambiri umene timadya. Zitsa za mitengo yachilengedwe zimene zikuphukira m'munda, zisadzireni n'kusiya nthambi ziwiri kapena zitatu zikule. Mzere umodzi wa mpendadzuwa kapena chitowe m'mphepete mwa munda umakopa njuchi ndipo inunso mumakolola.

Mu Okutobala ndi Novembala njuchi zimafuna madzi ambiri oziziritsira mng'oma, n'chifukwa chake zimadzazana pa mjigo ndi pa ndowa. Ikani mbale yakale kapena phale pamthunzi, patali ndi posewerera ana, muthiremo madzi ndi timiyala toti ziziterapo zisamire. Chenjerani potsuka sipuleya. Madzi otsukira akadikha pansi kapena akalowa m'chithaphwi, njuchi zaludzu zimamwa. Kumbani dzenje kutali ndi chitsime ndi mtsinje, thiranimo, kwirirani.

Amene mukufuna kuweta njuchi, chitani, n'kwabwino kwa mbewu ndi kwa thumba lomwe. Koma musasende makungwa a mtengo wamoyo kupanga mng'oma, pakuti mtengo wosendedwa mozungulira umauma, ndipo ndi womwewo umene ukanadyetsa njuchizo. Ming'oma ya matabwa yokhala ndi timitanda pamwamba imalola kufula uchi n'kusiya ana a njuchi. Fulani ndi utsi, osati ndi moto wa miyuni. Njuchi zathu ndi zaukali, choncho ikani ming'oma patali ndi njira, sukulu, makola ndi nyumba.

Popeza njuchi ya mng'oma umodzi imayenda m'minda ya mudzi wonse, inu nokha simungaiteteze. Mnansi akapopera thonje kapena tomato wake masana maluwa ali otseguka, njuchi zimene zimayenera kubwera kwa inu mawa zafera kumeneko. Itengereni nkhaniyi ku kalabu, kwa mlimi wachitsanzo ndi kwa amfumu mvula isanagwe. Gwirizanani kuti m'mudzi mwanu kupopera kuzichitika madzulo okha, kuti wofuna kupopera aziuza oweta njuchi kutatsala tsiku limodzi, ndiponso kuti malo ena a m'mbali mwa mtsinje ndi kumanda asamawotchedwe. Mlangizi wa dera lanu mungamuitane pa msonkhano umenewo kuti adzakuthandizeni kuwerenga zolembedwa pa mabotolo a mankhwala amene muli nawo kale m'nyumba.