Mmene ndinasamutsira ntchito za pa kompyuta yakale kusitolo kwathu ku Ulongwe

Kompyuta yakale ya kusitolo inayamba kuzima yokha, ndiye tinagula laputopu. Mtima wanga unali pa fayilo ya Excel yomwe muli ngongole za alimi a kachewere a kuno ku Angónia, amene amatenga feteleza n'kudzabweza akakolola. Fayilo imeneyi itatayika, ndani angakumbukire mameticais a munthu aliyense?

Kukopera mafayilo sikunavute. Ndinawaika pa hard disk yakunja komanso pa Google Drive, kenaka ndinatsegula angapo kuti ndione ngati ali bwinobwino.

Chinandizunguza mutu ndi ntchito imene inkakopera yokha fayiloyo 5 koloko madzulo tsiku lililonse. Ntchito zotere zimakhala mu Task Scheduler, ndipo sizisamuka limodzi ndi mafayilo. Ndinasankha Export, panatuluka kafayilo ka XML, ndipo pa laputopu ndinasankha Import Task. Inakana, chifukwa inali ikufunabe akaunti ya pa kompyuta yakale. Nditaikapo akaunti yatsopano, inalola.

Patatha masiku atatu ndinapeza kuti sinakopere kalikonse. Hard disk yomwe kale inali E: tsopano inali D:, ndiye ndinabwezeretsa chilembo chake mu Disk Management. Chinanso chobisika chinali pa Conditions: panali pochongedwa kuti ntchitoyo iziyamba pokhapokha laputopu ili pa magetsi, osati pa batire. Kuno magetsi akathima timangodalira batire! Ndinachotsa chongacho, n'kuchonga pa Settings poti nthawi ikaphonyedwa, ntchitoyo iziyamba laputopu ikangoyatsidwa.

M'mawa mwake ndinapeza fayilo ya dzulo ili pa hard disk, deti lake lolondola.