Kusamalira makwawa akutali ndi msewu: ntchito iyambire pamwamba pa phiri

Madzi amene agwa pa phiri, n'kutsetsereka m'minda, kulowa m'timakwawa mpaka kukakumana mumtsinje umodzi, sadziwa malire a mafumu. Wolima kumtunda ndi wolima dimba kumunsi ali pantchito imodzi, afune asafune.

Kafukufuku wa boma ndi mabungwe a United Nations anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Dothi lake ndi lapamwamba lija, lachonde, ndipo limapita limodzi ndi feteleza amene mwagula modula. Mitsinje monga Rivirivi, Lunzu ndi Lisungwi imalitengera mu Shire, komwe kampani yopanga magetsi ya EGENCO imavutika kuchotsa matope kuti makina a magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira azigwira ntchito. Mu Shire momwemo, pa Walker's Ferry, ndi momwe Blantyre Water Board imapopa madzi akumwa. Anthu a mumzinda wa Lilongwe nawo amamwa madzi ochokera m'nkhalango ya Dzalanyama. Koma woyamba kumva kuwawa ndi mudzi wapafupi: kasupe amauma mu Ogasiti, mjigo umayamba kutulutsa madzi modukizadukiza, chigwembe chimadula njira ya kusukulu.

Vuto n'lakuti malo ofunika kwambiri kuwateteza ndi omwenso ali kutali, kumene galimoto sifika, netiweki imavuta, ndipo mlangizi mmodzi ali ndi midzi yambirimbiri. Kumalo otere musakonze ntchito yodalira simenti kapena waya wochokera kutauni. Miyala, zikhomo, nsungwi, udzu ndi makasu n'zokwanira, bola komiti ya m'mudzi yoona zachilengedwe idziwe kumanga ndi kukonza yokha.

Musanakumbe chilichonse, yendani dera lonse pamodzi ndi amfumu, kuyambira pamwamba mpaka pomwe madzi amathira mumtsinje. Jambulani mapu papepala. Onetsani makasupe, zigwembe, minda ya pamtsetse, njira za ng'ombe ndi za anthu, chifukwa zigwembe zambiri zimayambira m'njira ndi m'malire a minda. Magulu ambiri amathamangira chigwembe chachikulu cha kumunsi poti ndicho chikuoneka. Amamanga bwino, koma mvula yoyamba yamphamvu imakokolola zonse, chifukwa madzi ochokera kumtunda palibe chawachedwetsa.

Pamwamba pa phiri, mitengo yophukira yokha pazitsa imachita bwino kuposa mbande za kunazale, zimene zimafunika kunyamulidwa pamutu ulendo wautali ndipo zambiri zimafa. Pachitsa chilichonse siyani mphukira zitatu kufika zisanu zowongoka, zinazo dulani ndi chikwanje chakuthwa, modulira m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, lambulani mseu wotchinga moto wotambalala mamita 4 kufika 6 kuzungulira nkhalangoyo. Moto umodzi wa osaka mbewa mu Seputembala umabweza ntchito ya zaka zitatu.

M'minda ya pamtsetse ntchito ndi akalozera, mizere ikuluikulu yopingasa mtsetse pa levulo imodzi imene mizere ina yonse imatsata, ndipo apa m'pamene pafunika kufatsa. Pangani chida chopimira levulo chotchedwa A-felemu ndi mitengo iwiri yowongoka ya mamita 2, yomangidwa pamodzi kumwamba, ndi wina wopingasa pakati. Pamwamba mangani chingwe, kumapeto kwake mwala wolendewera kupitirira mtengo wopingasawo. Chidachi chisagwire ntchito musanachiyese. Chiimikeni pansi, khomani zikhomo pomwe pali miyendo, lembani pomwe chingwe chakhudza mtengo wopingasa. Tembenuzani kuti miyendo isinthane malo, lembaninso. Pakati penipeni pa zizindikiro ziwirizi ndiye pa levulo. Mukatero yendani nacho mopingasa mtsetse: mwendo umodzi uli pachikhomo, winawo usunthidwe chokwera kapena chotsika mpaka chingwe chigwere pachizindikiro, kenako khomani chikhomo china. Zomangira zikakhwefuka yesaninso, ndipo tsiku la mphepo yambiri dikirani mwala ukhazikike.

Kalozera aunjikidwe kufika masentimita 50 msinkhu ndi 50 m'lifupi. Pamtsetse wochepa akalozera atalikirane mamita 15, pamtsetse wapakatikati mamita 10, potsetsereka kwambiri mamita 5. Mizere yonse ya m'munda igumulidwe n'kuunganso motsata akalozerawo, ndipo muike mizere yotseka m'makwalala kuti madzi adikhe. Kalozera wopimidwa ndi maso okha n'ngoopsa kuposa munda wopanda kalozera, chifukwa amasonkhanitsa madzi onse pamalo amodzi otsika, pamenepo pamaphulika, chigwembe n'kubadwa. Ntchito yopimayi ichitike mukakolola, kuyambira Juni mpaka Seputembala.

Udzu wa vetiva, wogwira dothi pa akalozera, udzalidwe mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Zulani phata, ligaweni m'timagulu ta mapesi atatu kapena anayi, dulani masamba atsale masentimita 15 kufika 20, ndipo dzalani kumtunda kwa kalozera motalikirana masentimita 10 kufika 15. Ambiri amatalikitsa pofuna kuti mbewu ikwanire. Madzi amangodutsa m'mipatamo. Ngati mbewu yachepa, malizani bwino mzere umodzi, ina muikire nazale pafupi ndi dambo ya chaka chamawa.

Ngalande zokololera madzi, zimene ambiri amati maswale, zimakumbidwa pa levulo yemweyo, dothi lake likuponyedwa kumunsi ndi kulitsendera. Siyani kampanda kosakumba pa mamita 10 alionse kuti madzi asathamangire mbali imodzi. Pamalo otsetsereka kwambiri, a dothi losaya lokhala pathanthwe, musakumbe maswale. Dothi likakhuta madzi limatha kugumuka lonse, ndipo aliyense akukumbukira zimene zinachitika m'phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Malo otere asiyireni mitengo ndi udzu.

Tsopano chigwembe. Yambani ndi mutu wake, pomwe madzi amagwera: gumulani phompho likhale lopendekera, yalani miyala, dzalani udzu. M'kati mwake mangani timadamu ta miyala tambiri tating'ono, osati limodzi lalikulu. Kalikonse kasapitirire mita imodzi. Kumbani maziko akuya masentimita 30, ndipo khomalo lilowe m'zipupa zonse ziwiri za chigwembe masentimita 50. Miyala ikuluikulu ikhale pansi ndi kumunsi, ing'onoing'ono itseke mipata kumtunda. Pakati pakhale potsika kuposa m'mbali kuti madzi osefukira adutse pamenepo. Kumunsi kwa khoma yalani miyala yafulati mtunda wowirikiza kawiri msinkhu wa khomalo. Kutalikirana kwake n'kosavuta kukumbukira: pamwamba pa kadamu ka kumunsi palingane ndi tsinde la kadamu ka kumtunda.

Kadamu kakagwa, onani mmene kagwera ndipo mudziwa cholakwika. Ngati madzi anazungulira m'mbali, khoma silinalowe m'zipupa kapena pakati panali pokwera. Ngati anafukula pansi, panalibe miyala yoyala kumunsi. Kumene miyala kulibe, khomani mizere iwiri ya zikhomo, pakati pake tsenderani nthambi. Zikhomo za gilisidiya zimaphuka, choncho mpandawo umakhala wamoyo. Matope akadzaza kuseri kwa khoma musawachotse, ndicho cholinga chake. Dzalanipo nsenjere, nthochi kapena nsungwi.

M'mbali mwa mtsinje waung'ono siyani mamita osachepera 10 mbali iliyonse osalima, ndipo pamtsinje waukulu kuposa apo. Dzalani katope, mkuyu, mbawa ndi nsungwi. Bulugama asayandikire kasupe, amamwa madzi kwambiri. Nkhaniyi imavuta chifukwa madimba ndiwo amapulumutsa mabanja nthawi ya njala, choncho ikambidwe pabwalo la amfumu, malamulo ake alembedwe, aliyense awamve.

Kumanga kumakoma pamene pali pulojekiti yolipira. Kukonza ndiko kumasowa mwini. Gawanani dera kuti khwawa lililonse likhale ndi anthu awiri kapena atatu odziwika mayina, oyendera m'mawa mwake mvula yamphamvu ikagwa, atatenga khasu, chikwanje ndi zikhomo. Kalozera wong'ambika atsekedwe tsiku lomwelo. Asayende munthu yekha m'chigwembe chakuya, ndipo kukachita mdima kumtunda tulukanimo, chifukwa madzi amafika ngakhale pomwe muli pasanagwe dontho. Mlembi alembe m'kope tsiku, malo ndi chimene chakonzedwa. Wokhala ndi foni ajambule malo omwewo ataima pamwala womwewo mwezi uliwonse, zithunzizo azitumize kwa alangizi pa WhatsApp akapeza netiweki tsiku la msika. Chigwembe chozama kuposa mamita 2, kapena choyandikira nyumba, mlatho ndi manda, musalimbane nacho nokha. Dziwitsani ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu kuti alangizi a zosamalira nthaka abwere kudzapima.