Momwe mungawerengere mabakiteriya pa mbale ya Petri ndi foni komanso kompyuta

Wophunzira aliyense wa sayansi ku Mzuni, kapena amene amayeza madzi a m'zitsime za ku Chibavi ndi Mchengautuba, amadziwa mmene maso amawawira ukamawerenga timagulu ta mabakiteriya pa mbale ya Petri (mbale yomeretserapo mabakiteriya mu labotale) podontheza maka pansi pake, kagulu ndi kagulu. Ukafika pa 180 wina n'kukuyankhula, basi wayambiranso. Ntchitoyi ikhoza kugwiridwa ndi ImageJ, pulogalamu yaulere yomwe inapangidwa ku National Institutes of Health ku America.

Yambani ndi kusankha mbale yokhala ndi timagulu pakati pa 30 ndi 300. Tikachuluka kuposa apa timakhala tothinana, ndipo ngakhale kompyuta imasokonezeka.

Kenako jambulani. Apa m'pamene pagona nkhani yonse, choncho musathamange. Tengani katoni, boolani kabowo pamwamba poti kamera ya foni iziyang'anira, pansi yalani nsalu yakuda. Kuwala kuchokere m'mbali. Fulashi ayi, chifukwa amanyezimira pa agar, chakudya cha m'mbalemo chomwe mabakiteriya amamerapo, n'kupanga timadontho tabodza. Kuno ku Mzuzu m'mawa kukazizira, mbale yongotuluka mu inkyubeta ya madigiri 37 imachita thukuta pa chivindikiro, ndipo pulogalamu imawerenga timadontho ta madzito ngati mabakiteriya. Itembenuzeni mujambule cha kunsi kwake. Chivindikiro musachotse pabwalo, makamaka ngati zomwe mwabzalazo zachokera kwa wodwala. Foni isasunthe pa mbale zonse.

Tsegulani chithunzicho mu ImageJ. Lembani mzere wodutsa pakati pa mbale, mupite pa Analyze, Set Scale, mulembe mamilimita 90, omwe ndi muyezo wa mbale wamba. Zungulizani m'kati mwa mbale, kusiya m'mphepete, n'kudina Edit, Clear Outside. Sinthani chithunzi kukhala 8-bit, muchite Subtract Background.

Tsopano Threshold. Kokani pang'onopang'ono mpaka timagulu tokha tifiire, agar asafiire, mudine Apply. Timagulu tiwiri tikagundana kompyuta imati ndi kamodzi. Watershed, yomwe ili pa Process, Binary, ndiyo imatilekanitsa. Malizani ndi Analyze Particles: ikani kukula kochepetsetsa kuti fumbi lisalowe m'chiwerengero, musankhe Outlines ndi Summarize.

Nambala ikatuluka musathamangire kuilemba m'buku. Yang'anani chithunzi cha Outlines pafupi ndi chenichenicho, muone chomwe yawerenga. Ine ndimalimbikitsa kuti mbale zitatu zoyambirira muziwerengenso ndi maka. Zikasiyana kwambiri, bwererani pa Threshold kapena mujambulenso. Mabakiteriya oyanga ngati Proteus, omwe amafalikira mbale yonse, njirayi siwatha.

Chotsala ndi masamu. Tinene kuti mwapeza timagulu 150, munasungunula sampulo ka 10,000, ndipo munathira mililita 0.1 pa mbale. Chulukitsani 150 ndi 10,000, mugawe ndi 0.1: mupeza CFU (mabakiteriya amoyo otha kupanga kagulu) 15,000,000 pa mililita imodzi. Chithunzicho chisungeni ndi dzina la sampulo ndi tsiku, kuti akuluakulu akafunsa mudzawaonetse.